Kusunga galimoto yakale panja m'nyengo yachisanu

Si aliyense wokonda magalimoto akale amene alinso ndi galaja yoti azisungiramo galimoto yake. Ambiri a ife tinayamba ndi kugula galimoto, za denga n'kumati tidzaziona m'tsogolo, ndipo chisanu chikamayandikira timadziwa kuti galimotoyo ikhala pabwalo miyezi inayi kapena isanu osasuntha. Yanga ndi imodzi mwa zoterozo. Ndi ya kabuleta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya), thanki yake ndi yachitsulo, ndipo chaka chilichonse imagona panja nyengo yonse imene misewu imathiridwa mchere wosungunula chipale chofewa ndi madzi oundana. Ndalemba izi chifukwa ndimaona kuti anzanga ambiri amaopa kuzizira, n'kulimbikira kufunditsa galimoto, pamene chimene chimaiwononga kwenikweni ndi madzi: amene atsekeredwa pansi pa chivundikiro, amene akukwera kuchokera m'dothi, amene akhala m'thanki, mu oyilo, m'makapeti ndi m'timipata ta chitsulo momwe maso safika.

Kuzizira kouma sikudya chitsulo. Dzimbiri limafuna madzi ndi mpweya kuti ligwire, ndipo kukazizira mpaka madzi onse kuundana, mphamvu yake imachepa kwambiri. Masiku oopsa ndi aja amene kunja kwafundako pambuyo pa usiku wozizira zedi. Pa nthawi imeneyo injini ndi zitsulo zokhuthala za kunsi zimakhala zikadali zozizira, pamene mpweya wofundawo wanyamula chinyezi chambiri, ndipo ukangokhudza chitsulo umasiyapo madontho a madzi, monga mmene botolo lochokera m'firiji limachitira thukuta likaikidwa patebulo. Madonthowo sakhala kunja kokha ayi, amapezekanso mkati mwa zitseko, kuseri kwa nsalu ya denga, m'makoma a thanki ndi m'paipi ya ekizozi. Chitsulo wamba chimayamba kudyeka msanga chinyezi cha mumpweya chikapitirira pafupifupi 60 peresenti, ndipo panja palibe amene angalamule chinyezi chimenecho. Chimene tingathe n'kuonetsetsa kuti galimoto ikanyowa, iziuma msanga. Pafupifupi zonse zimene ndimachita pokonzekera chisanu zimachokera pa mfundo imeneyi.

Ndimayamba ndi kutsuka, ndipo mbali imene ndimathera nthawi yambiri ndi ya kunsi. Mchere wothira m'misewu umakoka madzi kuchokera mumpweya. Mchere wamba umayamba kusungunuka wokha chinyezi chikafika pafupifupi 75 peresenti, ndipo wa mtundu wa calcium chloride, umene umathiridwanso m'misewu ina, umanyowa ngakhale mpweya utakhala wouma kuposa pamenepo. Choncho galimoto imene yayenda pamsewu wamchere ngakhale kamodzi kokha, n'kuimikidwa osatsukidwa, imakhala yonyowa kunsi nyengo yonse ngakhale pa masiku amene kumwamba kwake kukuoneka kouma. Matope amene amamatirira m'mphepete mwa madigadi ndi m'makona a chasisi amasunganso madzi kwa masabata ambiri, ndipo ayenera kuchotsedwa ndi dzanja kapena burashi pamene madzi a paipi alephera. Ndimasankha tsiku louma lamphepo, ndipo ndikatsuka ndimayendetsa galimoto mtunda wokwanira kuti mabuleki atenthe ndiponso madzi atuluke m'timing'alu. Kenako ndimapaka polishi ya sera pa penti yonse, nditachotsa zitosi za mbalame ndi utomoni wa mitengo, zimene zimasiya zipsera zikakhalitsa. Pa zitsulo zonyezimira za chrome ndimapakapo sera wokhuthala ndipo sindimupukuta mpaka chisanu chitatha.

Pali timabowo tina timene anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti tilipo. Tili kunsi kwa zitseko, kunsi kwa zitsulo zazitali za m'mbali pansi pa zitseko, m'ngalande ya kutsogolo kwa galasi kumene mawaipa amakhala, ndi m'buti pamalo a tayala lapadera. Ntchito yake ndi kutulutsa madzi amene alowa, pakuti opanga magalimoto ankadziwa kuti madzi adzalowa ndithu. Timabowoti tikatsekeka ndi masamba ndi fumbi, chitseko chimasunga madzi, madziwo n'kuundana, n'kukankha malo amene zitsulo zinalumikizidwa, ndipo dzimbiri limayambira mkati n'kudzaonekera kunja patapita zaka, penti itayamba kutukusira. Kachingwe kapulasitiki kolimbako n'kokwanira kutsegula timabowoti popanda kukanda penti. Amene angathe apoperenso sera wa m'timipata, monga Waxoyl kapena Dinitrol, kapena mafuta a lanolin monga Fluid Film, koma achite zimenezi chitsulo chili chouma, chifukwa kupopera pamwamba pa matope onyowa n'kutsekera chinyezi pamalo pomwe chikuwononga.

Malo oimikapo ndi nkhani imene ndimaiona kuti imaposa mtengo wa chivundikiro chilichonse. Udzu ndi dothi zimatulutsa chinyezi usana ndi usiku, ndipo galimoto yoima pamenepo imachilandira chonse pa mapaipi a mabuleki, pa ekizozi ndi pansi pa thupi lake. Simenti kapena tara ndi zabwino, miyala yoswa imabwera pambuyo pake chifukwa madzi amalowerera msanga, ndipo udzu ndiwo womalizira. Ngati palibiretu kwina, yalani pulasitiki yokhuthala pansi, koma muiyale moti madzi a mvula asamadikhe pamwamba pake, apo ayi mwapanga dziwe pansi pa galimoto yanu. Pansi pa matayala ikani matabwa kuti asamire dothi likafewa. Malo otsetsereka pang'ono ndi abwino kuposa dzenje lobisika ku mphepo, ndipo ine ndimalolera kuti galimoto iziombedwa ndi mphepo pang'ono kusiyana n'kuibisa pakona yamthunzi pomwe sipauma. Pansi pa mtengo sindiimikapo, chifukwa cha nthambi zimene zimathyoka ndi kulemera kwa chipale chofewa, ndiponso chifukwa cha masamba ndi mbalame. Pafupi ndi denga la nyumba napo mpoopsa, popeza madzi oundana akamatsetsereka kuchokera pamwamba amatha kuphwanya galasi kapena kubonyola boneti.

Tsopano za chivundikiro, pomwe pamawonongekera magalimoto ambiri a anthu amene anali ndi cholinga chabwino. Lona la pulasitiki, lija lofundira katundu, limaoneka ngati yankho lachangu chifukwa madzi a mvula sadutsa. Vuto lake n'lomwelo, pakuti chinyezi chochokera pansi nachonso sichidutsa. Dzuwa likawala, mpweya wa pansi pa lonalo umafunda n'kunyamula chinyezi, ndipo usiku chinyezicho chimasanduka madzi pa penti ndi pa galasi, n'kukhala pomwepo chifukwa palibe potulukira. Penti imene yakhala miyezi ili yonyowa pansi pa pulasitiki imatha kuchita timatuza ting'onoting'ono kapena mawanga oyererako, makamaka pa galimoto imene inapentedwanso. Kuwonjezera apo, lona ndi lokhakhala, ndipo mphepo ikamalikupiza limapala makona a denga ndi a madigadi mpaka penti kuchepa. Ndikanakhala ndi zosankha ziwiri zokha, lona la pulasitiki kapena kusavundikira konse, ndikanasiya galimoto yopakidwa sera bwino ili poyera, chifukwa mvula imene yagwa pa penti yoyera imauma mphepo ikaomba.

Chivundikiro choyenera ndi chija chosokedwa ndi nsalu zingapo zosanjikiza, chimene chimakana madontho a mvula koma chimalola nthunzi kudutsa, ndipo mkati mwake ndi mofewa. Chiyenera kukhala cha msinkhu wa galimotoyo, chifukwa chachikulu kwambiri chimakupiza, ndipo chiyenera kumangidwa ndi malamba odutsa kunsi. Pamene lamba kapena chomangira chikukhudza penti, ikanipo kansalu kofewa. Musalole kuti chivundikiro chifike mpaka pansi n'kutseka mbali zonse. Mpata wa pakati pa dothi ndi thupi la galimoto ndiwo njira ya mphepo youmitsa kunsi. Ndipo musachiveke pa galimoto yafumbi kapena yonyowa, popeza fumbi lotsekeredwa pakati pa nsalu ndi penti limakanda nthawi iliyonse mphepo ikasuntha nsaluyo. Ndinene poyera kuti ngakhale chivundikiro chabwino kwambiri chimasunga chinyezi china, makamaka chipale chofewa chikasungunuka pamwamba pake n'kuundananso. N'chifukwa chake pa tsiku louma ndimachivula kwa maola angapo, n'kutsegula zitseko, boneti ndi buti kuti mphepo idutse. Chikakhala kuti chaundana n'kumamatira ku penti, ndimachisiya mpaka chisungunuke chokha, chifukwa kuchikoka kumang'amba nsalu ndi kukanda penti. Amene ali ndi malo komanso chilolezo choika kadenga kopanda makoma achita bwino koposa, pakuti kadengako kamatchinga mvula koma mphepo imadutsa momasuka. Chofunika n'kukazika molimba ndi kuchotsa chipale chofewa chisanaunjikane pamwamba.

Pali malo amodzi pomwe kuzizira pakokha kumaphadi galimoto, ndipo ndi m'madzi oziziritsa injini. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, ndipo mphamvu imeneyo ndi yokwanira kung'amba injini yachitsulo kapena radiyeta usiku umodzi wokha. Kusakaniza theka madzi ndi theka antifreeze (mankhwala oletsa madzi kuundana) wa ethylene glycol kumateteza mpaka pafupifupi madigiri 37 pansi pa ziro. Koma galimoto yakale imene mwini wake wakhala akuwonjezera madzi wamba m'chilimwe chonse ikhoza kukhala ndi msakanizo wofooka kwambiri ngakhale mtundu wake ukuonekabe. Maso sangakuuzeni zimenezi. Kachipangizo koyezera mphamvu ya antifreeze ndi kosavuta kugwiritsa ntchito, ndipo ndimayeza chaka chilichonse. Antifreeze alinso ndi mankhwala oletsa dzimbiri mkati mwa injini amene amatha mphamvu pakapita zaka, choncho wokalamba ayenera kusinthidwa, ndipo mtundu wake ukhale wogwirizana ndi zitsulo za injini yanu. Wotayikira pansi apukutidwe nthawi yomweyo, chifukwa ndi poizoni woopsa kwa agalu, amphaka ndi ana. Musaiwale botolo la madzi otsukira galasi, limene limasweka mosavuta likakhala ndi madzi wamba.

Oyilo ndimasintha ndisanaimike galimoto, osati pambuyo pake. Oyilo amene wagwira ntchito chilimwe chonse amakhala ndi asidi, madzi ndi zotsalira za petulo, ndipo sindifuna kuti zimenezo zigone pa mabeyaringi miyezi yonseyo. Ndikathira watsopano pamodzi ndi fyuluta yatsopano, ndimayendetsa galimoto kuti afike paliponse. Mafuta a mabuleki a DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa madzi kuchokera mumpweya, ndipo madziwo amadya masilinda a mabuleki mkati. Ngati papita zaka ziwiri asanasinthidwe, ino ndiyo nthawi yake.

Nkhani ya petulo imautsa mtsutso pakati pa okonda magalimoto akale, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Thanki yachitsulo yokhala ndi petulo wochepa imakhala ndi mpweya wambiri, ndipo kutentha kukamasinthasintha thankiyo imakoka mpweya wachinyezi umene umasiya madzi m'makoma ake. Kudzaza thanki kumachepetsa malo a mpweyawo. Komabe petulo wa masiku ano m'mayiko ambiri ali ndi ethanol, ndipo wotchedwa E10 amakhala naye mpaka 10 peresenti. Ethanol amayamwa madzi, ndipo madziwo akachuluka, msakanizo wa ethanol ndi madzi umapatuka n'kukhala pansi pa thanki, pomwe pampu imakokera. Ethanol amawononganso mapaipi a labala akale ndi tizitsulo tina ta m'kabuleta. Ine ndimadzaza thanki mpaka kutsala pang'ono, ndi petulo wopanda ethanol ngati akupezeka kapena wokhala ndi wochepa kwambiri, ndimathira mankhwala oletsa petulo kuwonongeka, kenako ndimayenda ulendo womaliza kuti mankhwalawo afike mpaka m'kabuleta. Kuthira mankhwalawo galimoto itaima kale kumateteza thanki yokha, pamene timabowo ting'onoting'ono ta m'kabuleta, timene timatsekeka ndi utomoni wa petulo wouma, timakhala tosatetezedwa. Wa galimoto ya dizilo adzaze ndi dizilo wa nyengo yachisanu, chifukwa wa m'chilimwe amaundana n'kutseka fyuluta kukazizira kwambiri.

Batire nalo silifa ndi kuzizira kokha. Kunena zoona, batire lodzaza limataya moto pang'onopang'ono pamalo ozizira kusiyana ndi pamalo otentha, ndipo asidi wake saundana mpaka kuzizira kutapitirira madigiri 50 pansi pa ziro. Limene lili pangozi ndi lakutha moto, chifukwa asidi wake amakhala atatsala pang'ono kusanduka madzi, ndipo amatha kuundana pa madigiri ochepa chabe pansi pa ziro, n'kuswa chikho chake. Batire la mavoti 12 likakhala lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6, ndipo likakhalitsa pansi pa 12.4 limayamba kuwonongeka mkati mwa njira yosabwezeka. Wotchi, wailesi ndi alamu zimadya moto usana ndi usiku ngakhale kiyi atachotsedwa. Kwa galimoto yogona panja, ine ndimachotsa batire, kuyambira ndi waya wa negative, n'kulisunga pamalo ouma odutsa mpweya, litalumikizidwa ku chaja chija chimene chimadzizimitsa chokha batire likadzaza. Chaja chakale chimene chimangothira moto osaleka chimaumitsa batire chikasiyidwa miyezi. Kukoka chingwe cha magetsi kuchokera m'nyumba mpaka pabwalo n'kotheka, koma chingwecho chikhale chopangidwira panja, cholumikizidwa kudzera pa chipangizo chodula magetsi akakhudza madzi, ndipo polumikizira pasagone pansi. Galimoto yamakono yodzaza ndi makompyuta ndi nkhani ina, ndipo mwini wake awerenge buku lake asanachotse batire.

Handibuleki isakokedwe. Ikakhala yokoka miyezi yambiri pamalo achinyezi, mapadi amamatirira ku chitsulo chifukwa cha dzimbiri, waya wake amatha kuundana kapena kugwira, ndipo galimoto imakana kusuntha tsiku limene mukuifuna. Ikani zotchinga zamatabwa kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala, ndipo galimoto ya giya yamanja muisiye mu giya. Matayala amataya mpweya pafupifupi psi imodzi (muyeso wa mpweya wa m'tayala) kutentha kukatsika ndi madigiri 5 kapena 6, ndipo tayala lofewa loima pamalo amodzi limaphwatalala mbali imene yagunda pansi. Ndimapopa mpweya wopitirira muyeso wa masiku onse, koma osadutsa malire olembedwa m'mbali mwa tayala. Ena amakweza galimoto pa zitsulo zoimikira kuti matayala asakhudze pansi. Mu galaja zimenezo n'zomveka, koma panja sindizikonda, chifukwa dothi limafewa, mphepo imakankha galimoto yovundikiridwa, ndipo zitsulo zosalala za mashokabu zimakhala poyera pomwe dzimbiri lingazigwire. Kukankha galimoto pang'ono kutsogolo kapena kumbuyo nthawi ndi nthawi n'kokwanira.

Mkati ndimachotsa chilichonse chosunga madzi: timakapeti ta kumapazi, nsalu za m'buti, mapepala ndi mabuku a m'kabokosi ka kutsogolo. Ndimakweza m'mphepete mwa kapeti yaikulu n'kugwira kunsi kwake, pakuti chofunda cha pansi pa kapeti chikhoza kukhala chonyowa pamwamba pakuoneka pouma, ndipo pamenepo ndi pomwe pansi pa galimoto pamabookera. Mipando yachikopa ndi chiwongolero ndimazipukuta bwino, chifukwa chuku chimamera pa thukuta ndi litsiro la m'manja. Ndimaika matumba a silica gel okoka chinyezi, amene amaumitsidwanso n'kubwezeredwa. Zidebe za calcium chloride zimakoka madzi ambiri, koma madzi amene zimasonkhanitsa ndi amchere, ndipo akatayikira pa kapeti amayambitsa dzimbiri lomwelo limene mukulithawa. Amene akuzigwiritsa ntchito aziike m'beseni ndipo azikhuthula kawirikawiri. Mawindo ndimatseka, popeza panja kampata kakang'ono kamalowetsa chipale chofewa chouluzika ndiponso tizilombo. Malabala a zitseko ndimawapaka girisi wa silicone kuti asamatirire akaundana. Galimoto ya denga lansalu isungidwe denga lili lotambasula ndi lokhoma, chifukwa lopinda limachita makwinya ndi chuku, ndipo limavuta kulikokanso kukazizira.

Mbewa ndi makoswe amafuna malo ouma opanda mphepo, ndipo galimoto yovundikiridwa imawapatsa zimenezo. Amamanga zisa m'bokosi la fyuluta ya mpweya, m'njira za hita ndi pamwamba pa injini, amatafuna mawaya, ndipo mkodzo wawo umadya chitsulo n'kusiya fungo losatha. Ndimatseka paipi ya ekizozi ndi polowera mpweya wa injini ndi waya wotsukira mapoto wokulungidwa m'kathumba, ndipo ndimamangirira kapepala pa chiwongolero kolemba zonse zimene ndatseka ndi kuchotsa. Nyenyeswa za chakudya zisatsale mkati, ndipo udzu wautali, nkhuni ndi zinyalala zikhale kutali ndi galimoto. Mafuta onunkhira amene ena amati amathamangitsa mbewa sindiwadalira. Misampha yoyenderedwa kawirikawiri imagwira ntchito. Poizoni ndimamupewa, chifukwa mbewa imakafera mkati mwa hita momwe dzanja silifika, komanso amapha nyama zina zimene zadya mbewayo. Mukapeza zitosi, musazisese zili zouma, chifukwa fumbi lake limatha kufalitsa matenda. Zinyowetseni kaye ndi mankhwala ophera majeremusi, muvale magolovesi, kenako mupukute.

Funso limene ndimafunsidwa kwambiri ndi loti kodi injini izilizidwa sabata iliyonse. Ndimamvetsa mtima umene umafunsa zimenezi, pakuti munthu wokonda galimoto yake amalakalaka kumva kulira kwake, ndipo kuisiya chete miyezi yonse kumamveka ngati kuitaya. Komabe yankho langa ndi loti ayi, pokhapokha ngati muiyendetse ndithu. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa madzi okwana pafupifupi lita imodzi, ali ngati nthunzi. Injini ikakhala yotentha, nthunziyo imatuluka ndi utsi. Ikakhala yozizira, nthunzi imasanduka madzi m'paipi ya ekizozi, ndipo ina imadutsa m'mbali mwa mapisitoni n'kulowa mu oyilo pamodzi ndi petulo wosapsa, amene amachuluka pamene choko (kachipangizo kothandiza kuliza injini yozizira) chakokedwa. Kuliza injini kwa mphindi 10 ili poima kumasuntha singano ya kutentha kwa madzi, koma oyilo amachedwa kutentha kuposa madzi, ndipo amafunika kukhala wotentha kwa nthawi ndithu kuti chinyezi chituluke. Mukazimitsa msanga, mwasiya madzi a asidi mu sailensa ndi mu injini, ndipo mwachotsa m'batire moto woposa umene mwabwezera. Thovu loyererako lonanda limene limapezeka kunsi kwa chotsekera cha oyilo pa galimoto yolizidwa motere nthawi zambiri limachokera pamenepa. Ndiponso injini imaperepeseka kwambiri pa mphindi zoyamba ikalizidwa ili yozizira, choncho kuiliza kawirikawiri n'kuchulukitsa mphindi zoipazo popanda phindu.

Ngati kwagwa tsiku louma, msewu ulibe mchere, ndipo mapepala a galimoto ndi inshuwalansi zikulola, ulendo wa theka la ola kapena kuposerapo ndi wabwino: oyilo amatentha, mabuleki amayera, kilachi imagwira ntchito, ndipo malabala otseka mafuta amanyowanso. Zimenezi zikakhala zosatheka, ndi bwino injini ikhale chete mpaka chisanu chithe. Chimene ndimachita ndikapita kukaiona n'kuponda buleki ndi kilachi kangapo kuti zisagwire, popeza mbale ya kilachi imatha kumamatira ku flywheel, chitsulo cholemera chozungulira cha kumbuyo kwa injini, pamalo achinyezi. Ndipo aliyense amene aliza injini chipale chofewa chitaunjikana kumbuyo ayambe wafukula paipi ya ekizozi, chifukwa utsi wa carbon monoxide ulibe fungo, umalowa mkati mwa galimoto, ndipo umapha.

Kusaliza injini sikutanthauza kusapitako. Mphepo yamkuntho ikadutsa ndimakaona ngati malamba akadali olimba. Chipale chofewa chikagwa ndimachichotsa ndi burashi yofewa chisanalemere, pakuti chonyowa chimalemera kangapo kuposa chongogwa kumene, ndipo denga lansalu kapena lachitsulo chopyapyala limatha kubonyoka. Fosholo isayandikire penti, ndipo madzi otentha asathiridwe pa galasi loundana, chifukwa limasweka. Ndimachotsanso chimene chaunjikana m'mbali, kuti njira ya mphepo ya kunsi isatsekeke. Ndikatsegula chitseko ndimanunkhiza, n'kuyang'ana ngati magalasi achita nthunzi mkati, chimene ndi chizindikiro choti penapake madzi akulowa ndipo mpofunika kupafufuza tsiku lomwelo.

Chisanu chikatha, kapepala ka pa chiwongolero kamanditsogolera. Ndimachotsa zotsekera zonse, ndimayang'ana zisa ndi mawaya otafunidwa, ndimafinya mapaipi a petulo ndi a madzi kuona ngati ang'aluka, ndipo ndisanasunthe galimoto ndimayang'ana pansi pake, chifukwa dontho lililonse limene lasiya chizindikiro limandiuza pomwe pakudontha. Ndimabwezera mpweya wa matayala pa muyeso wake, n'kulumikiza batire, waya wa negative pomalizira. Pa injini yakale ndimazula waya wa koyilo n'kupukusa injini kwa masekondi ochepa mobwereza mpaka nyali ya oyilo itazima, kuti oyilo afike pa mabeyaringi moto usanayake. Buleki ndimaiponda galimoto isanasunthe, ndipo ikamira mpaka pansi kapena ikamveka yofewa, galimotoyo situluka pabwalo mpaka vutolo litapezeka. Dzimbiri lopyapyala la pa madisiki a mabuleki limachoka lokha mukaponda buleki kangapo pa liwiro lochepa, koma kugwedera kumene sikukutha pambuyo pa makilomita angapo kumafuna makaniko. Chivundikiro ndimachichapa motsatira malangizo a amene anachipanga, ndipo sindichipinda mpaka chitaumiratu mbali zonse ziwiri.